Nkhoswe Pamaso pa Jaji

Ine ndi mnzanga amene lero ndi jaji wa khoti la apilo m'dziko lakwathu tinagona chipinda chimodzi zaka zinayi ku Zomba, tikuphunzira za malamulo. Ndiyambe ndi mfundo imene aliyense wa kalasi yathu angavomereze: wanzeru ndinali ine. Iye anali munthu wochedwa pa chilichonse, pakudya, pakulemba, ngakhale poyankha moni. Mayeso akayandikira ankabwereka manotsi anga n'kuwabweza atadonthezera tiyi. Pa milandu yoyeserera ya kusukulu, ine ndinkaimirira kupanikiza mboni ndi mafunso mpaka anyamata kuimba mluzu, iye ali kumbuyo ndi wotchi, kusunga nthawi.

Titamaliza, ine ndinalowa kampani ya maloya ku Blantyre, ndipo chaka chachiwiri ndinali ndi galimoto. Iye analowa ntchito ya boma. Anamuponya ku boma lina lakutali kukakhala majisitireti, kumene milandu yake inali ya mbuzi ndi malire a minda. Ndinapitako kamodzi kukamuona. Ndinamupeza m'kakhoti kodontha, akulemba ndi dzanja mawu onse a mayi wina amene anamubera nkhuku, tsamba ndi tsamba, zala zili bii ndi inki. Titatuluka ndinamufunsa kuti aise, ukufera chiyani kuno? Anangoseka n'kundigulira chimanga chootcha. Ndinabwerera ku Blantyre ndikumumvera chisoni, ndipo chisoni chimenecho chinkandikomera.

Kenako akazi anga, amene ndi nesi, anapeza ntchito kuno ku Canada. Ndinauza aliyense kuti pakatha zaka ziwiri ndikhala nditalemba mayeso awo n'kutsegula ofesi yanga ku Toronto. Mayesowo ndinalemba kawiri, kawiri konse ndinalephera. Kachitatu sindinayesenso, ndinkangouza anthu kuti nthawi ikuchepa. Lero ndimayendetsa folokolifiti, kagalimoto konyamulira mabokosi, m'nyumba yosungiramo katundu ku Mississauga, ndipo ndimayendetsa bwino, sindinagwetsepo bokosi la munthu.

Mnzanga uja ankangokwera, mwa kuchedwa kwake komweko. Anakhala majisitireti wamkulu, anabwerera kutauni, kenako tsiku lina chithunzi chake chinafika pa gulu lathu la pa foni, atavala wigi ndi mkanjo wofiira. Akazi anga anandiika foniyo pamphuno. "Taonani anzanu aja!" Ine ndinati wigiyo yamuchititsa kuoneka ngati nkhosa, n'kupitiriza kudya. Atamukwezanso kupita ku khoti la apilo, ndinayamba chizolowezi chimene sindinauzepo munthu: ndinkasindikiza zigamulo zake n'kumaziwerenga pa nthawi yopuma kuntchito, cholembera chofiira chili m'manja, kusaka polakwika. Zaka zonsezo ndinapeza malo amodzi okha, pamene analemba molakwika chaka cha mlandu wina wakale. Tsiku limenelo ndinagwira ntchito ndikuimba nyimbo.

Imeneyi ndi nsanje, sindikuipatsa dzina lina. Mnzangayo sanandilakwirepo. Chaka chilichonse pa Khirisimasi ankandiimbira foni, ankafunsa za ana anga powatchula mayina, ndipo bambo anga atamwalira anapita kumaliro kwathu ku Ntcheu ine ndikulephera kupita. Zonsezi zinkangowonjezera kuwawa.

Komabe nane ndinali ndi kabwalo kanga. Kuno amalume kulibe. Achinyamata athu akafuna kukwatirana, kapena akabwera kale ali pabanja, amasowa munthu woimira mbali yawo, ndiye amayang'ana wa imvi amene ali pafupi. Poti ine ndinaphunzira za malamulo ndipo imvi zinandibwerera msanga, ndinakhala nkhoswe wa mabanja ambiri ndithu, kuyambira ku Brampton kumene ndimakhala mpaka ku Oshawa. Ntchito imeneyi ndinkaidziwa. Nkhoswe samva nkhani kwa nthawi yoyamba pabwalo. Amayamba wakhala ndi munthu wake paokha, amamva zonse mpaka zonyansa zomwe, kenako amakumana ndi nkhoswe mnzake n'kugwirizana zoti zinenedwe ndi zoti zisanenedwe. Pofika tsiku lokhala pansi, zambiri zimakhala zitatha kale, chotsala ndi kuti mwamuna ndi mkazi atuluke pakhomo aliyense ulemu wake uli nawo. Ndipo munthu wapadera sakhalapo.

Mwa mabanja amenewa munali la mnyamata wina wa ku Oshawa, amene ine ndinali nkhoswe wake wa kuchimuna. Kumudzi anali nesi wamkulu pachipatala. Kuno ankasambitsa ndi kudyetsa nkhalamba, podikira kukhoza mayeso oti apatsidwe laisensi ya unesi. Mkazi wake anadandaula kwa nkhoswe wake, mayi wina wachikulire wa ku mpingo kwathu, kuti bamboyo Loweruka lililonse amati ali pa shifiti, koma iye ataimba foni kuntchitoko anamuuza kuti Loweruka sagwira. Nanga mkazi angaganize chiyani? Anati pali mkazi wina, ndipo akapanda kumva zoona atenga mwana n'kuchoka.

Ndinamuitana mnyamatayo. Tinakhala m'galimoto yanga panja pa sitolo ya khofi, ndipo analira ngati mwana. Mkazi wina panalibe. Mayeso aja anali atalephera kachitatu, koma tsiku limene zotsatira zinatuluka anapeza mkazi wake ataphika kale mpunga ndi nkhuku, akudikira pakhomo, ndipo pakamwa pake panangotuluka mawu akuti ndakhoza. Kuyambira pamenepo ankati kalata ya laisensi ikuchedwa. Loweruka lililonse ankakabisala ku laibulale, kuwerenga, chifukwa anali atamulola kudzalembanso pakatha miyezi iwiri.

"Ndauza inu nokha, ankolo," anatero, "chifukwa inu mukudziwa mmene zimawawira."

Mawu amenewo anandibaya, koma anali oona. Ndinamulonjeza kuti pa tsiku lokhala pansi iye asalankhule zambiri. Ine ndidzanena kuti ndafufuza, mkazi wina palibe, ndikuikapo mutu wanga, ndipo ndikupempha miyezi iwiri kuti mwini wake adzafotokoze yekha kunyumba kwake. Mayi achikulire aja ndinawauza kuti nkhaniyo si ya chibwenzi, andikhulupirire, ndipo anavomera. Banja limenelo linali m'manja mwanga, ndipo njira yolipulumutsira inali yoongoka. Tinapangana Lamulungu lina masana, kunyumba kwanga.

Sabata yomweyo ndi imene jaji anafika. Anabwera ku msonkhano wa oweruza milandu ku Toronto, ndipo utatha anakana kukhalabe kuhotela, anati akagona kwa mnzake. Ndinakamutenga pa galimoto yanga nditaitsuka kawiri. Anali atanenepa pang'ono, tsitsi litayera, koma kuyankha moni kunali kochedwa komwe kuja.

Masiku amenewo nyumba yanga sinali yanga. Akazi anga anatulutsa mbale zimene ine mwini nyumba sindinadyerepo. Anthu amene sanapondepo pakhomo panga zaka zisanu anayamba kugogoda, wina ndi zitumbuwa, wina ndi nsomba zouma zimene anazisunga mufiriji chichokereni kumudzi. Loweruka anzathu a kuno anakonza phwando ku holo ina ku Brampton. Kunabwera Amalawi a mbali zonse, amalonda a ku Mangochi ndi zipewa zawo zoyera, manesi, ngakhale anzathu a ku Zambia. Amuna akuluakulu ankamupatsa moni atagwira chigongono, amayi akupinda maondo. Ana obadwira kuno, amene ine ndikawalankhula Chichewa amandiyankha m'Chingerezi, tsiku limenelo anayesetsa mpaka kutulutsa "tili bwino, kaya inu." Bambo wina amene wakhala akundifunsa za mlandu wa malo ake ku Lilongwe kwa zaka zitatu anandidutsa ngati mtengo, n'kukafunsa jaji funso lomwelo. Jaji anamuuza mwaulemu kuti sangalankhule za mlandu umene uli kukhoti, ndipo bamboyo anabwerako akumwetulira ngati wapatsidwa yankho.

Chimene chinanditsiriza ndi mwambo wa mawu. Woyendetsa mwambo, mnyamata amene ukwati wake ndinaumanga ndine, anatchula maudindo onse a jaji kuyambira ku kakhoti kodontha kaja, anthu akuomba m'manja pa udindo uliwonse. Pomaliza anati, "Tithokozenso ankolo athu apa, amene akutisungira a Jaji." Basi. Zaka zinayi za manotsi anga, ine n'kukhala wosunga alendo. Ndinangomwetulira.

Lamulungu masana anthu a ku Oshawa anafika. Mwana anamusiya kwa anzawo. Mtsikanayo, mkazi wa mnyamata uja, anakhala pa mpando wautali pamodzi ndi mayi achikulire aja, mnyamatayo anakhala payekha pafupi ndi zenera, manja ali pakati pa maondo. Jaji anawapatsa moni, kenako anatenga jekete lake.

"Ine ndikayende pang'ono," anatero. "Izi ndi za m'banja."

Akanangotuluka, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma ine ndinamugwira mkono.

"Khala, aise. Uone mmene timachitira kuno."

Mayi achikulire aja anandiyang'ana. "Achimwene, alendowa akhala nawo?"

"Si mlendo ameneyu, ndi m'bale wanga," ndinatero. Iwo anaweramitsa mutu. Ndani akanathamangitsa jaji? Mnzangayo anazengereza, koma anakhala pampando wa pakona, jekete lili pamiyendo. Mnyamata uja anandiyang'ana modabwa, ine n'kumugwedezera mutu kuti asaope.

Mayi aja anatsegula ndi pemphero, kenako mtsikanayo anafotokoza dandaulo lake, misozi ikulengeza. Inafika nthawi yanga. Mawu amene ndinalonjeza ndinali nawo, anali pakamwa penipeni. Koma nditakweza maso ndinaona jaji atatsamira mpando, dzanja lili pachibwano, akumvetsera monga amamvetsera maloya kukhoti kwake. Zaka makumi atatu ndinali ndisanaimepo pamaso pa woweruza. Ndinapezeka ndaimirira, chinthu chimene nkhoswe sachita, ndipo manja ndinawaika kumbuyo.

"Tiyambe ndi Loweruka lapitali," ndinatero kwa mnyamatayo. "Munali kuti?"

Anaphethira. Si mmene tinapanganira. "Kuntchito, ankolo."

"Shifiti inayamba nthawi yanji?"

"Seveni."

"Seveni. Ndipo akuntchito kwanu akuti Loweruka simugwira. Akunama iwowo?"

"Mwina amene anayankha foniyo ndi watsopano."

"Watsopano. Chabwino, tisiye zimenezo." Ndinayenda masitepe awiri n'kutembenuka, monga ndinkachitira ku Zomba. Mawu ankangobwera okha, ndipo ndinamva thupi langa likupepuka. "Akazi anuwa munawauza kuti mayeso munakhoza. Ndi choncho?"

"Ankolo…"

"Ndi choncho?"

"Eya."

"Papita miyezi ingati?"

"Isanu ndi umodzi."

"Ndipo kalata ya laisensi sinafikebe. Ikuchokera kuti kalatayi, ikubwera wapansi kuchokera ku Chitipa?"

Palibe anaseka. Mayi achikulire aja anati, "Achimwene," motsitsa mawu, koma ine ndinakweza dzanja kuti adikire. Ndinaba kuyang'ana pakona paja. Jaji anali ataweramira kutsogolo. Ndinaganiza kuti wachita chidwi.

"Anzanu amene munalemba nawo makalata awo analandira?"

"Ena analandira."

"Ena. Ndikufunsani komaliza, ndipo muyankhe eya kapena ayi, osawonjezera kanthu. Mayeso munakhoza?"

Mnyamatayo anandiyang'ana nthawi yaitali, osati mokwiya, koma ngati munthu amene akuyesa kukumbukira ngati ndine yemwe uja anakhala naye m'galimoto. Kenako anayang'ana pansi.

"Ayi."

"Kachingati?"

"Kachitatu."

"Ndiye Loweruka mumakhala kuti?"

"Ku laibulale."

Ndinatembenukira kwa mtsikanayo ndi manja otambasula. "Mwamva, mwana wanga. Mkazi wina palibe." Ndinakhala pansi ndikudzimva ngati ndapambana mlandu waukulu. Ndinayembekezera kuti apumira m'mwamba n'kuthokoza.

Sanandiyang'ane n'komwe. Anayang'ana mwamuna wake. "Munandisiya ndikatestifaye kutsogolo kwa tchalitchi chonse," anatero. "Ndinavina pamenepo, inu muli pampando mukuomba m'manja. Ndinaimbira amayi kumudzi, anauza mudzi wonse. Miyezi sikisi mukundiyang'ana m'maso, bambo a mwana? Bola akanakhala mkazi, ndikanadziwa kuti ndikulimbana ndi ndani."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Nanga inu ankolo, mafunso onsewa, mayankho ake mumawadziwa kale?"



"Mumadziwa," anadziyankha yekha. "Ndiye mwatiitanira chiyani pamaso pa alendo?"

Mnyamatayo anaimirira. Anapita pakona paja, anapinda maondo pang'ono n'kuomba m'manja mwaulemu. "Pepani bwana, mwabwera kutali kudzaona zamanyazi." Anatenga jekete lake n'kutuluka. Makiyi a galimoto anali m'chikwama cha mkazi wake, ndiye ndinamuona pazenera akuyenda wapansi kulowera kokwerera basi. Mayi achikulire aja anatenga mtsikanayo n'kupita naye kukhitchini kwa akazi anga. Podutsa pafupi nane anangoti, "Si zimene tinagwirizana izi."

Jaji sananene kanthu tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Ankasewera ndi zidzukulu zanga, ankafunsa za mitengo ya nyumba, ankayamikira ndiwo. Lachiwiri m'mawa ndinamuperekeza ku bwalo la ndege. Tili pamsewu waukulu, magalimoto atadzaza, ndinalephera kupirira.

"Lamulungu lija unaona bwanji?"

Anachedwa kuyankha, monga mwa masiku onse. "Mafunso ako sanathe mphamvu," anatero. "Mwa maloya amene amaima pamaso panga, ndi ochepa angamufikitse munthu pakona mofulumira choncho. Ukadali iwe yemwe uja."

Ndinene zoona, ngakhale zikundichititsa manyazi. Ndinakondwa. Mnyamata uja anali asanagone kunyumba kwake masiku awiri, foni zanga sankayankha, koma ine pa chiwongolero paja ndinamva kukoma kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mawu amenewo ndinali nditawadikira kuyambira tsiku limene ndinaona chithunzi cha wigi.

Tinayenda pang'ono. Kenako anafunsa, maso ali kutsogolo, "Paja mnyamatayo, iwe unali wa mbali yake eti?"

"Eya."

"Oho," anatero, n'kuyang'ana pazenera.

Pa bwalo la ndege tinakumbatirana. Anandiuza kuti akapuma ntchito akufuna kukaweta mbuzi kwawo, ndidzapite ndikamuone. Ndinanyamula sutikesi yake mpaka pamzere, ngakhale anakana.

Mnyamata uja ndinamusaka. Ndinakwera sitima kupita ku Oshawa kawiri pa masiku anga opuma, ndinakafika mpaka ku laibulale ija n'kuzungulira matebulo onse. Ndinamva kuti akugona kwa mnzake wa kuntchito. Ndinamulembera uthenga wautali wopepesa, anayankha mawu awiri okha: "Zikomo ankolo." Mayeso aja sanakalembe. Mayi achikulire anayesetsa mbali yawo, mtsikanayo anafika povomera kuti abwerere akambirane, koma mwamunayo anati sangakhalenso m'nyumba imene akumudziwa choncho, ndiponso sangalowe tchalitchi chija. Nyengo yozizira isanayambe anapita kumadzulo, ku Alberta, kukagwira ntchito ina yosakhudzana ndi chipatala. Za mwana amatumiza, koma kubwera sabwera.

Nkhaniyo inayenda, poti ife kuno ndife ochepa. Palibe anandinena pamaso. Kungoti maukwati awiri amene anachitika chaka chimenecho anapeza ankhoswe ena, ine anandiitana ngati mlendo wamba, n'kundiika pa tebulo la pafupi ndi khomo. Zigamulo za mnzanga ndinasiya kusindikiza. Pa Khirisimasi anaimba monga mwa nthawi zonse, ndipo anafunsa za banja lija. Ndinati zikuyenda pang'onopang'ono.

Patatha chaka ndi miyezi ingapo, Loweruka lina m'mawa, belu la pakhomo linalira. Anali mtsikana uja, mwana ali kudzanja, envelopu yaikulu ili kukhwapa. Anali ataonda. Akazi anga anatenga mwanayo kupita naye kukhitchini, ife tinakhala pa tebulo lodyera.

"Ankolo, sindikhalitsa," anatero. Anatulutsa mapepala n'kuwayala patsogolo panga. Anali mafomu a kukhoti othetsera ukwati. "Bambo a mwana asaina kale mbali yawo, atumiza. Ine Chingerezi chake chikundizungulira mutu, ndipo loya sindingamukwanitse. Ndiye ndinati paja inu munaphunzira za malamulo."

Ndinamuyang'ana kuti ndione ngati akundinyoza. Sankandinyoza. Ankangofuna munthu womuthandiza kulemba mafomu.

"Mwana wanga, sitingayesenso? Ndikhoza kupita ku Alberta komweko, ndikalankhule naye."

"Munalankhula kale, ankolo," anatero mofatsa, n'kundikankhira cholembera.

Ndinavala magalasi. Tinayamba tsamba loyamba, ine ndikuwerenga funso lililonse n'kumumasulira, iye akuyankha, ine ndikumulozera polemba. Tsiku la ukwati analiiwala pang'ono, kaya linali la khumi ndi chiwiri kapena la khumi ndi chitatu. Ine ndinalikumbukira, poti ndinalipo, ndipo ndinamuuza.